Mchenga wa ku Muhipiti

Kwathu ku Ngokwe, mwana akachedwa kumene wamutuma, sitimufunsa kuti unali kuti. Timati, "Unapita ku Muhipiti?" Ine ndinakula ndikumva mawu amenewa, nthawi zina akunenedwa kwa ine ndemwe. Koma pamudzi ponse panalibe amene ankadziwa kumene kuli malowo. Ankangoloza kotulukira dzuwa.

Chimene tinkadziwa ndi ichi. Makolo athu asanachoke kumapiri a ku Mozambiki kubwera kuno, m'banja mwathu munali mwamuna dzina lake Namalowa, mlongo wawo wa agogo a amayi anga. Anasenza minyanga pamodzi ndi anzake kupita kunyanja yamchere kukasinthitsa ndi nsalu. Anzakewo anabwerako ndi nsalu zambiri. Iye iyayi. Atafunsidwa, anangoti mnzathu watsalira ku Muhipiti. Maliro sanaliridwe, chifukwa panalibe amene anaona mtembo.

Ine ndine mmisiri womanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo sindinadandaulepo. Ntchito ndinaiphunzira ku Balaka. Makoma amene ndinamanga kumeneko aliko mpaka lero, wokayika apite akagogode. Imvi zitayamba, ntchito inachepa, anyamata a mabuloko atachuluka. Kenako kunamveka kuti kontilakita wina wa ku Mozambiki akufuna amisiri odziwa kuyala miyala, osati njerwa zokha. Ndinalembetsa.

Ndinapita kukatsanzika kwa amalume, eni mbumba yathu. Ndinawapeza pakhonde akuluka mono.

"Ukupita kotulukira dzuwa?"

"Eya."

"Ukafunse za Muhipiti. Ukakakupeza, ukatape dothi la pamene anagona munthu uja, ubwere nalo."

"Amalume, ine ndikupita ku ntchito."

"Ine ndikupita kumanda. Tiye tione afike msanga ndani."

Mwambo wathu ndi wakuti munthu akafera kutali, mtembo osabwera, mumakatapa dothi la kumene wagona, n'kudzalikwirira kumanda akwanu pamodzi ndi thunthu la nthochi. Mukatero munthuyo wabwera kwawo. Amalume ankakhulupirira kuti popeza sitinachite zimenezi, amuna a m'banja mwathu amathera kuchilendo. Mkulu wanga anafera kumigodi ya ku Joni. Msuweni wathu wina anasowera ku Halale. Ine ndine Mkatolika, zimenezi sindinkazigwira ndi manja awiri. Koma ndinati, "Ndamva." Kwa ine ndikati ndamva, ndiye kuti ndalonjeza.

Sitima tinakwerera pa Nkaya. Ndinali ndi Che Amidu, msodzi wa pa nyanja ya Chiuta, amene analembedwa ntchito yonyamulira amisiri chifukwa nsomba zinali zitasowa. Anali munthu wapakamwa posauma. Analankhula kuyambira pa Nkaya mpaka pa Nayuchi, ndipo titawoloka malire anayamba kuwerenga zikwangwani za Chipwitikizi mokweza ngati akuzimva. Pa Kuwamba ndinafunsa wogulitsa matikiti ngati akudziwa Muhipiti. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti palibe siteshoni yotero. Ine sindifunsa kawiri.

Kuchokera ku Nampula tinakwera lole. Tinawoloka mlatho wautali, wopapatiza, wokwana galimoto imodzi, kunja kutayamba kuda. Malowo aliyense ankangoti Ilya, ndiye kuti chilumba m'Chipwitikizi. Kumapeto kwa chilumbacho kunali linga. Ntchito yathu inali yokonza linga limenelo, ndipo anatigoneka m'kati mwake, m'chipinda chimene kale munkagona asilikali.

Ndaona zomanga zambiri, koma kutacha ndinaima chilili. Khoma lake munthu utha kugona chopingasa pamwamba, mapazi osatulukira. Miyala yake ndi ya m'nyanja, yobookabooka ngati chisa cha njuchi. Pamwamba panali mizinga yadzimbiri, ina italoza kunyanja, ina italoza kumudzi. Zimenezo zinandidabwitsa. Mdani wa kunyanja ndinamumvetsa. Nanga wa kumudziyo anali ndani?

Tsiku lomwelo ndi limene tinachita manyazi.

Bwato la matanga linali litabweretsa matumba a laimu, wotentha kumene, uja amabwadamuka akakumana ndi madzi. Anawatsitsira pamchenga, kunsi kwa khoma. Kapitawo anatiloza ine ndi Che Amidu kuti tiwalowetse m'linga msanga, iye n'kupita kutauni. Dzuwa linali lowotcha. Matumba anali ambiri. Nyanja inali kutali kwambiri, azimayi akutola nkhono pakati pa mchenga, ndipo bwato lija linali litagona chambali pouma.

"Onani bwato, achimwene," anatero Che Amidu. "Chilala chafika ndi kuno komwe."

"Madziwa sabwera?"

"Mukufunsa ine? Ine ndinabadwira m'bwato. Madzi akaphwa chonchi, kubwera kwake mpaka mvula ya Januwale. Tiyeni tikadye, tidzanyamule dzuwa likapepa."

Ndinamumvera, chifukwa Chiuta ndimamudziwanso. Amadzaza ndi dzinja, amaphwa ndi chilimwe. Tinadya chinangwa ndi nsomba, tinagona pamthunzi. Tinadzutsidwa ndi kuseka kwa azimayi. Titasuzumira pamwamba pa khoma, nyanja inali itafika pamaziko, matumba onse ali m'madzi, akutulutsa nthunzi, madzi atayera ngati mkaka.

Che Amidu anavula kofiya. "Wallahi, madzi awa ndi aufiti. Apita liti, abwera liti?"

Umu ndi mmene tinaphunzirira kuti nyanja yamchere imapita n'kubwera tsiku lililonse, sidikira mvula. Kapitawo anatukwana m'Chipwitikizi mpaka mawu anasasa. Sanatichotse ntchito. Che Amidu anamutumiza kukasenza miyala. Ine, mmisiri, anandichotsa pakhoma n'kundiika kudzenje la laimu, kukatakasa ndi khasu ngati mwana wophunzira.

Kudzenjeko kunali nkhalamba ina ya pachilumba pomwepo, a Momade. Anali aafupi, a mano ochepa, mapazi atang'ambika ndi laimu. Sindinawalankhule. Ndinkatakasa, maso pansi. Tsiku lina akazi awo anabweretsa chakudya, atadzola ufa woyera kumaso monga amachitira azimayi akumeneko, ndipo anayamba kukangana za mchere wa m'ndiwo. Ndinazindikira kuti ndikumva. Chimakuwa chawo chinali pafupi ndi Chilomwe cha amayi anga. Ndinaponyapo mawu, kuti mayi akunena zoona, mchere wakwana.

A Momade anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe Malawi! Ukulankhula ngati nkhalamba ya kumapiri. Mawu amenewo agogo anga anapita nawo kumanda."

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa. Choyamba ndinafunsa za ntchito, chifukwa chake ankatikaniza simenti. Anandionetsa pamene ena anamatapo simenti kale. Inali itafufuma, n'kugwa pamodzi ndi mwala womwe. Anati mwala wa m'nyanja umatuluka thukuta lamchere. Laimu amaulola kupuma, simenti imautseka pakamwa. Ndinakanda ndi chala, ndinaona kuti n'zoona. Sindinatsutse.

Kenako ndinafunsa za mizinga yoloza kumudzi.

Nkhani yawo sinkayenda mowongoka. Lero anena za agogo awo, mawa za zombo. Koma nditailumikiza inali yotere. Azungu asanabwere, pachilumbapo panali kale mudzi wa amalonda, Aluya ndi anthu a m'gombe, ndi mizikiti yawo, akugula golide ndi minyanga. Kenako anabwera Apwitikizi, analanda, n'kuyamba linga. Amene anayala maziko sanaone kutha kwake. Kenako anabwera Adatchi ndi zombo zawo, azungu kumenyana ndi azungu anzawo. Anatentha mudzi wonse, anazinga linga, koma sanalowe. Aluya a kutsidya la nyanja nawonso anadzayesa, osalowa. Mdani akatera pachilumba, amabwera kudzera kumudzi. Ndiye chifukwa chake mizinga ina inaloza kumeneko.

"Analimba ndi chiyani?" ndinafunsa.

Ananditengera pansi pa linga, n'kundionetsa chitsime chachikulu ngati tchalitchi, chamdima, chozizira. Madenga onse a linga anawapendeketsa kuti mvula itsikire mmenemo. Pachilumbapo palibe mtsinje. Wakunja amamva ludzu, wam'kati akumwa. Ndinayenda kuyang'ana ngalande zake imodzi imodzi. Amene anaganiza zimenezo anali mmisiri, kaya anali mtundu wanji.

Ndinafunsanso chifukwa chake dziko lalikulu chonchija lili ndi dzina limodzi ndi kachilumba kakuti munthu amakayenda konse dzuwa lisanatenthe.

"Dziko ndi limene linabwereka dzina kwa ife," anatero a Momade. "Akuti Apwitikizi anapeza pano mfumu ya Chiluya, anatenga dzina lake n'kulipinda ndi lilime lawo. Likulu linali pompano, asanalisamutsire kummwera n'kutisiyira mileme. Koma amenewo ndi maina a alendo. Amayi anga akamachokera kumunda kutsidya, sankati ndikupita ku Ilya kapena ku Mozambiki. Ankati ndikupita ku Omuhipiti."

Ndinaleka kutakasa.

"Bwerezani."

Anabwereza. Ndinali nditagona ku Muhipiti kuyambira chilimwe mpaka mvula kugwa, osadziwa.

Ndinawafotokozera za Namalowa ndi za amalume. Ndinkaganiza kuti ntchito yatha, kwatsala kungoloza manda.  Lamulungu lotsatira a Momade anati tiyende.

Tinadutsa mbali ya nyumba zamiyala, zina zitagumuka, mitengo ikumera m'zipinda. Kenako tinafika mbali ya nyumba zofolera ndi masamba a kokonati, kumene iwo ankakhala. Kumeneko msewu uli pamwamba, nyumba zili pansi, moti woyenda mumsewu amaona madenga kumapazi ake. Ndinafunsa chifukwa chake anthu anamanga m'dzenje.

"Dzenjeli ndi linga lija," anatero. "Miyala yonse unaiona ija inachoka muno. Amene anaikumba anatsala momwemo, ife zidzukulu zawo tilimobe."

Anandionetsa manda a Asilamu. Anandionetsa a Akhristu, a miyala yolembedwa. Anandiloza kumene Amwenye ankatenthera akufa awo.

"Wanuyo anali uti mwa amenewa?"

"Sanali aliyense. Anali wakumapiri. Wamalonda."

Anakhala pakhoma la m'mbali mwa nyanja, n'kuloza kumtunda, kutsidya la madzi.

"Malawi, mvera. Anthu a minyanga sankawoloka. Ankathera uko. Amagulitsa, amatenga nsalu, amabwerera. Wakumapiri amene ankawoloka kubwera kuno ankawoloka atamangidwa. Ena kudzagwira ntchito za eni chilumba, ena kudzakwera zombo."

"Wathu anali wamalonda," ndinatero.

"Anzake anati watsalira kuti? Kutsidya kuja, kapena kuno?"

"Kuno."

"Ndipo iwowo nsalu anabwera nazo zochepa, kapena zambiri?"

 Ndinanyamuka n'kubwerera kulinga ndekha.

Sindikudziwa ngati anagulitsidwadi ndi anzake. Palibe amene akudziwa. Koma ine ndimadziwa khoma lopendekeka ndikaliona, ndipo nkhani ya kwathu ija inali yopendekeka kuyambira kale, kungoti tinali titaizolowera.

Nthawi imeneyo anali atandibwezera pakhoma, kapitawo ataona mmene ndimasemera mwala. Ndinkagwira ntchito osalankhula. Mwala uliwonse wakale umene ndinkachotsa ndinkautembenuza, kuyang'ana pamene panadutsa chisemo cha amene anausema. Ena anali amanzere. Zimaoneka.

Che Amidu anatopa nane. "Achimwene, mwasanduka bubu chifukwa cha dothi? Tapani paliponse. Kuseri kwa khitchiniku lilipo lambiri. Amalume anuwo adzalinunkhiza?"

"Ine sindimata mng'alu ndi penti."

"Ndiye mudzanyamula chilumba chonse? Sitima ya pa Nkaya ija imalephera ndi matumba a chimanga omwe."

Ankaseka, koma funso linali loona. Ngati munthuyo anafera m'maenje aja, ali pansi pa nyumba ya wina, sindingadziwe iti. Ngati anakwera chombo, alibe manda pa dziko lino lathu. Kubwerera chimanjamanja sindikanatha. Kunamiza nkhalamba yodikira imfa sindikanathanso.

Ndinabwerera kwa a Momade. Sindinapepese, iwonso sanadikire kupepesa. Ndinangofunsa kuti mabwato ochokera kutsidya ankakocheza pati kalelo. Ananditengera pagombe lina loyang'ana kumtunda, pafupi ndi nyumba yakale yamsonkho. Anati akuluakulu awo ankanena kuti ndi pamenepo.

Ndinaganiza motere. Kaya anafera m'dzenje, kaya anapita ndi chombo, apa pokha anapondapo. Si pamene anagona. Koma ndi malo okhawo amene ndikanaloza popanda kunama.

Ntchito itatsala pang'ono kutha, tinapitako atatu. Tinadikira kuti madzi apite. Ndinalowa mpaka pamene bwato likanaima, ndinakumba ndi manja kupyola mchenga wapamwamba, n'kutapa wapansi, wonyowa. Ndinauthira m'chitini cha mkaka, n'kukulunga ndi nsalu yoyera. A Momade anatambasula manja n'kupemphera mwa Chisilamu. Ine ndinachita chizindikiro cha mtanda. Che Amidu sanatseke maso. Anali akuyang'anira nyanja.

"Fulumirani, akuluakulu," anatero. "Afiti aja ayambapo kubwera."

Potsanzikana a Momade anandipatsa kamwala kosemedwa kamene kanagwa pakhoma lakale. Ndinakabweza. Ndinati ndabwera kudzatenga wathu yekha, za eni ake zitsale.

Tinatsika pa Nkaya chimanga chitacha. Nditafika ku Ngokwe ndinaona malata amene ndinkatumizira ndalama ali padenga, okhomedwa mokhota. Mkazi wanga anandilandira, anandipatsa madzi, kenako anandiuza kuti amalume anamwalira mvula ili pakati. Anati uthenga anatumiza. Sunandipeze.

Umwini mbumba unagwera ine. Ndinaitanitsa abale, n'kuika chitini pamphasa. Ana a alongo anga ndinawasiya akupemphera kumene tinkapemphera tonse. Ndinawapeza atalowa mpingo wina watsopano wa pa sitolo, wa zokuzira mawu. Wamkulu wawo, Yohane, anayang'ana chitinicho ngati muli njoka.

"Malume, mwatibweretsera ziwanda za m'nyanja. Ife zimenezi tinazisiya. Chofunika apa ndi kuchitentha ndi pemphero."

"Mchenga sumapsa," ndinatero.

"Ife kumandako sitipita."

"Sindinakuitane kuti undinyamule."

Ananyamuka, ang'ono ake n'kumutsatira. Panatsala achemwali anga aakulu, a Felista, amene maso anali atayamba kuchita nkhungu. Anakoka chitini, anachigwedeza pafupi ndi khutu.

"Ndi la pamanda pake?"

"Iyayi. Manda palibe."

Ndinawauza zonse, za dzenje, za zombo, za nsalu zambiri zija. Anamvetsera atazolika.

"Zansaluzo zithere pamphasa pano," anatero. "Zidzukulu za anzake a Namalowa aja ndi zimene takwatirana nazo. Mkazi wa Yohane ndi wa kumeneko. Ukufuna kuyatsa mudzi chifukwa cha nkhani yakuti iwe wemwe sunaione?"

"Sindinama."

"Ndani wakuuza kuti uname? Ndati utseke pakamwa. Zimenezo umazitha kuyambira uli mwana."

Ndinapempha chilolezo kwa amfumu, ndinauza adzukulu okumba manda. Anabwera awiri okha, ndipo anakumba kadzenje kakang'ono pafupi ndi pamene panagona amalume. Kunali m'mawa, anthu ali m'minda kukolola. Ndinadula thunthu la nthochi, ndinalikulunga m'nsalu. Tinalipo ine, mkazi wanga, achemwali ndi adzukuluwo. Ndinaona kuchepa kwathu, ndinachita manyazi m'malo mwa amalume. Ndinati tingokwirira, tizipita.

"Dikira," anatero achemwali. "Ndipatse."

Anatsegula chitini. Popeza maso sankaona bwino, anatapa pang'ono ndi zala, anafikisa, n'kuika palilime. 

"Mchere," anatero. "Mayo ine, anakafika kutali."

Kenako anakhala pansi, anatambasula miyendo, n'kuyamba kulira maliro. Osati kusisima. Kulira kwenikweni, kokweza, kotchula dzina, kumene timalira mtembo ukamalowa m'mudzi. Ankamufunsa chifukwa chake anachedwa, ankamuuza amene anamwalira akumudikira. Mkazi wanga analandira kulirako.

Kwathu kuno ukamva kulira kumanda sumayamba wafunsa. Umasiya chimene ukugwira, umapita, zofunsa pambuyo. Ndinaona azimayi akutuluka m'minda, akumanga zitenje m'chiuno, ena mankhusu a chimanga ali m'mutu. Anabwera Achisilamu, anabwera a kutchalitchi kwathu. Che Amidu anafika pa njinga, kofiya ili m'manja. Mkazi wa Yohane anabweranso, mwana ali kumsana, ndipo patapita nthawi ndinaona Yohane mwiniwake ataima patali pansi pa mtengo, manja kumbuyo.

Mayi wina wachikulire wa mudzi woyandikana nawo anafika akupuma mwabefu. Anandigwira mkono.

"Pepani, bambo. Sitinamve. Watisiya ndani?"

"A Namalowa," ndinatero. "Anafera kuchilendo. Tabwera nawo pa sitima."

Mayiyo sanafunsenso. Anakhala pansi pambali pa achemwali, n'kuyamba kulira.